Ogulitsa zitsulo awiri a ku America: wina adakula, wina ngongole idamugwetsa

M'chaka cha 2011 makampani awiri a ku America ogulitsa zitsulo adapita mumzinda umodzi, wa Houston m'chigawo cha Texas, kukagula bizinesi za mtundu umodzi. Kampani ya Reliance Steel & Aluminum idagula Continental Alloys & Services m'mwezi wa Ogasiti, ndipo ya A. M. Castle & Co. idagula Tube Supply m'mwezi wa Disembala. Makampani ogulidwawo onse ankagulitsa mapaipi ndi zitsulo zina kwa anthu okumba zitsime za mafuta. Patangotha zaka zitatu, mtengo wa mafuta padziko lonse udagwa. Reliance idamva kuwawa koma idapitiriza kupeza phindu chaka ndi chaka. Castle idakathera kukhoti mu 2017 itakanika kubweza ngongole.

Ine ndimaphunzitsa Business Studies pasukulu ina ya sekondale yoyendera kumudzi kuno. Tikafika pa mutu wa njira zomwe katundu amadutsa kuchoka kufakitale kukafika kwa wogula, ophunzira anga sachedwa kugamula mlandu: munthu wapakati ndi wakuba. Sindiwadzudzula, poti wapakati yemwe amamudziwa ndi venda wa sikelo yokayikitsa uja amabwera nthawi yokolola kudzagula soya wa makolo awo. Komatu alipo apakati ena omwe mafakitale sangayende popanda iwo, ndipo nkhani ya makampani awiriwa ikuonetsa bwino komwe phindu la munthu wotere limachokera ndi pomwe imfa yake imabisala. Pa za mtengo wa mafuta onse awiri adaphonya mofanana. Chidawasiyanitsa, m'kuona kwanga, ndi kukula kwa ngongole poyerekeza ndi msinkhu wa woitenga, komanso kuchuluka kwa makomo ena ogulitsako khomo limodzi likatsekeka.

Makampaniwa sapanga zitsulo. Alibe migodi ngakhale ng'anjo zosungunulira. Fakitale yosungunula zitsulo imafuna wogula wotenga matani ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo wogulayo akaoda amadikira masabata, mwina miyezi. Pomwe kampani yaing'ono yopanga mathanki a mkaka kapena zipangizo za makina imangofuna zidutswa makumi awiri za muyezo wakutiwakuti, ndipo ikuzifuna mawa m'mawa. Wapakati amapikula zambirizo n'kuzisunga m'nyumba zake zikuluzikulu, kenako amadula, kupinda, kuboola kapena kusalaza malinga ndi zomwe kasitomala wanena, n'kukamutulira pakhomo ndi lole yake. Amalipidwa kaamba koti wasunga katundu ndi ndalama zake, wamudula molondola, ndipo wafika naye msanga. Mwini hadiweya pamsika wathu amachita zofananako, kungoti iye amagulitsa lata kapena paipi yathunthu, zodula zimakhala za wowotcherera.

Tsono pali zitsulo wamba ndi zitsulo zapadera. Zawamba tonse timazidziwa: malata, misomali, zitsulo zoika mukonkire, mapaipi opangira mafelemu a mawindo. Zapadera ndi zomwe amasakaniza mwaluso kuti zikagwire ntchito imodzi yovuta. Chitsulo chosachita dzimbiri, chija amapangira masinki ndi zipangizo za m'chipatala, chimakhala ndi chromium wopitirira magawo khumi pa 100 aliwonse. Aluminiyamu wa mapiko a ndege ndi wosiyana ndi wa mapoto athu. Titanium ndi yopepuka kuyerekeza ndi chitsulo koma ndi yolimba zedi, moti imalowa m'ndege komanso madokotala amaiika m'thupi la munthu kuchirikiza fupa lothyoka. Zosakaniza nickel zimapirira moto wa mu injini ya ndege. Katundu wotereyu amayenda ndi mapepala ake ochokera kufakitale, onena zomwe zidasakanizidwa ndi nambala ya mphika womwe adasungunulira, kuti chidutswa chikadzathyoka patapita zaka akatswiri adzathe kulondola komwe chidachokera. Mapepalawo akasowa, opanga ndege sachigwira n'komwe chitsulocho, chikhale chabwino bwanji.

Zimenezi sizili kutali nafe monga zikumvekera. Rutile yemwe adapezeka ku Kasiya m'boma la Lilongwe ndi mmodzi mwa miyala yomwe amayengamo titanium, ndipo niobium wa ku Kanyika ku Mzimba amathiridwa pang'ono m'chitsulo kuti chilimbe. Migodi imeneyi ikadzayamba kutumiza katundu kunja, wina akhoza kudzathera m'mashelefu a makampani ngati omwe ndikukambawa, mtengo utakwera kangapo m'manja mwa oyenga, osula ndi odula a maiko ena.

Phindu pa zitsulo zapadera limakhala lokwererapo chifukwa opikisana nawo ndi ochepa. Vuto lake n'loti ogula nawonso ndi ochepa. Lata likakanidwa ndi womanga nyumba, womanga khola la nkhuku aligula. Koma paipi yopangidwira kupirira m'chitsime chakuya makilomita angapo, okumba akaimitsa ntchito imangogona pashelefu, ndalama zili momwemo.

Reliance idayamba mu 1939 mumzinda wa Los Angeles. Mwini wake, Thomas Neilan, ankagulitsa zitsulo zoika mukonkire. Kwa zaka zoposa 50 idali kampani yapakatikati yodziwika kwambiri kumadzulo kwa America, ndipo pomwe inkalowa pamsika wa masheya wa New York mu 1994, malonda ake a pachaka sankafika theka la biliyoni ya madola. Kuchokera apo yagula makampani ena oposa 70. Ambiri adali mabizinesi a pabanja, koma atatu adali zimphona: Earle M. Jorgensen mu 2006, PNA Group mu 2008 ndi Metals USA mu 2013, iliyonse pamtengo wa pafupifupi madola biliyoni imodzi kapena kuposerapo pang'ono.

Chomwe chimandisangalatsa ndi kagulidwe kake. Imasankha makampani omwe akupanga kale phindu, siipita kukatola odwala oti ikawachiritse. Ikagula, kawirikawiri dzina limakhala lomwelo, mamanejala amakhala omwewo, ndipo kasitomala amapitiriza kuimbira foni munthu yemwe wakhala akumuimbira zaka zonse. Likulu limathandiza pa mpamba ndi pokambirana mitengo ndi mafakitale, koma zoti tisunge chiyani, tigulitse bwanji, amagamula ndi omwe ali pamalopo. Aliyense amene adaonapo golosale yotchuka ikuzizira itangosintha mwini, chifukwa watsopanoyo wachotsa wogulitsa yemwe ankadziwa makasitomala ndi mayina awo, amvetsa nzeru imeneyi.

Pofika 2023 kampaniyi idali ndi malo ogulitsira oposa 300 m'zigawo pafupifupi 40 za America ndi m'maiko ena angapo, antchito pafupifupi 15,000, makasitomala oposa 125,000 ndi mitundu ya katundu yoposa 100,000. Koma nambala yomwe imadabwitsa ophunzira anga ndi ina. Oda imodzi, tikatenga pakatikati, mu 2023 idali ya madola 3,000 ndi pang'ono basi. Kampani ya malonda a mabiliyoni ikudya pa timaoda ting'onoting'ono tosawerengeka. Pafupifupi maoda 40 pa 100 aliwonse amafika kwa eni ake pasanathe maola 24, ndipo pafupifupi theka amakhala oti chitsulocho chadulidwa kapena chakonzedwa mwanjira ina. Makasitomala ambiri ali pamtunda wosapitirira makilomita 320 kuchokera pomwe pali nyumba yosungira katundu, ngati kuchoka ku Blantyre kufika ku Lilongwe. Munthu wofuna zidutswa zochepa mawa m'mawa sakangana kwambiri za mtengo, poti makina ake akaima tsiku limodzi ataya zambiri kuposa zomwe akadapulumutsa pokakamira kuti amuchotsereko. N'chifukwa chake m'zaka zaposachedwapa, pa madola 100 aliwonse omwe Reliance yagulitsa, pafupifupi 30 amatsala ikachotsa mtengo wopikulira. Pa 30 amenewo ndi pomwe pamachoka malipiro a antchito, mafuta a malole, lendi ndi msonkho.

Masamu a bizinesi yotereyi ndimawalemba pabolodi chaka chilichonse. Tiyerekeze amalonda awiri, aliyense ali ndi katundu wa K10 miliyoni pashelefu. Woyamba amaika phindu la K40 pa K100 iliyonse koma katundu wake amatha kamodzi pachaka: apeza K4 miliyoni. Wachiwiri amaika K15 yokha koma katundu amatha n'kupikulanso kasanu: apeza K7.5 miliyoni. Ngati onse adabwereka mpambawo pa chiwongoladzanja cha K25 pa K100, ndiye kuti K2.5 miliyoni ipita kubanki. Woyamba atsala ndi K1.5 miliyoni, wachiwiri K5 miliyoni, asadalipire lendi ndi antchito. Reliance imayesetsa kuti katundu wake azizungulira kanayi kapena kasanu pachaka, ndipo nambala imeneyi imaitchula m'malipoti ake kwa eni masheya monga mphunzitsi wamkulu amatchulira za ana okhoza mayeso.

Pali chifukwa chinanso chosasungira katundu nthawi yaitali. Mitengo ya zitsulo padziko lonse imakwera ndi kutsika ngati ya tomato. Wapikula tani pa madola 1,000, mwezi wamawa fakitale yatsitsa kufika pa 700, kasitomala sangamve zoti iwe udagula modula.

Kwathu kuno zimachitika mozondoka, ndipo apa ndi pomwe ndimawachenjeza anawa kuti asamangomeza zonse za m'mabuku a kunja. Mu Novembala 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Zitsulo zambiri zomwe timagwiritsa ntchito zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zipangizo zochokera kunja. Wamalonda yemwe adagulitsa malata ake onse pamtengo wakale kutatsala sabata imodzi, n'kumasangalala kuti katundu wayenda, atapita kokapikula adapeza ndalama zake zikugula malata ochepa kuposa omwe adagulitsa. Mnzake yemwe katundu adamutsalira pashelefu adapindula ali gone. Masiku amenewo tidaona eni sitolo ena akuzengereza kugulitsa, anthu n'kumatukwana kuti ndi dyera. Mwa ena dyera lidalipo ndithu, koma ena ankangowerengera kuti mtengo womwe ungawasunge pabizinesi ndi wokapikulira mawa, osati womwe adapikulira dzulo. Wogulitsa zitsulo wa ku America amaopa katundu wogona, wathu amaopa ndalama zogona. Koma onse amanjenjemera mofanana ndi ngongole yomwe ili ndi tsiku lake lobwezera.

Reliance idayesedwa zolimba mu 2009. Idali itangogula PNA Group mu Ogasiti 2008, ndalama zambiri zili zobwereka, pomwe mabanki a ku America adayamba kugwa mwezi wotsatira n'kukokera pansi chuma cha dziko lonse. Malonda ake adatsika kuchoka pa madola 8.7 biliyoni mu 2008 kufika pa 5.3 biliyoni mu 2009, ndipo phindu lidachoka pa 483 miliyoni kufika pa 148 miliyoni. Koma chaka chomwecho m'thumba la kampaniyi mudalowa ndalama zoposa 900 miliyoni, zochuluka kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo. Nanga zidatheka bwanji? Malonda akachepa, wapakati amasiya kupikula n'kumangogulitsa zomwe ali nazo kale, uku akutolera ngongole kwa makasitomala. Katundu amasanduka ndalama. Reliance idatenga ndalamazo n'kubweza gawo lalikulu la ngongole zake. Idachotsanso anthu ambiri ntchito, ndipo izi tisamaziiwale tikamayamikira nambalazi, chifukwa kuseri kwa nambala yokongola kudali mabanja omwe malipiro adaima. Chachikulu apa n'choti njira yosandutsa katundu kukhala ndalama imatheka pokhapokha katunduyo ali woti wina akumufunabe. Kumbukirani paipi ya m'chitsime ija.

Castle ndi yakale kuposa Reliance. Idayamba ku Chicago mu 1890, ndipo idadziwika ndi zitsulo zapadera: aluminiyamu ndi titanium wa ndege, zosakaniza nickel, ndodo zachitsulo zopangira zipangizo za makina olemera. Idalinso ndi nthambi yogulitsa mapulasitiki yotchedwa Total Plastics. Nayonso idafuna kukula pogula anzake. Mu 2006 idagula Transtar Metals, yogulitsa aluminiyamu kwa opanga ndege, pamtengo woposa madola 170 miliyoni. Mu 2008 malonda ake adafika pafupifupi 1.5 biliyoni, n'kugwa kufika pa 800 miliyoni ndi pang'ono mu 2009. Itayamba kudzuka, akuluakulu ake adaponya maso ku Texas.

Nthawi imeneyo ku America kudali chikondwerero cha mafuta. Luso lokumba chopingasa ndi kuswa miyala ya pansi panthaka ndi madzi amphamvu lidatsegula zitsime zambirimbiri ku Texas ndi ku North Dakota, ndipo mgolo umodzi wa mafuta unkagulidwa pafupifupi madola 100. Aliyense wogulitsa mapaipi ndi zipangizo za m'zitsime ankakolola. Tube Supply, yomwe idali ndi malo ku Houston komanso ku Edmonton m'dziko la Canada, idaoneka ngati ng'ombe ya mkaka wosauma. Castle idavomera kulipira madola 165 miliyoni.

Ndalamazo idalibe m'thumba. Idabwereka madola 225 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 12.75 peresenti, n'kuonjezera ena 57.5 miliyoni pa 7 peresenti. Zina zidalipirira Tube Supply, zina zidabweza ngongole zakale. Mmalawi yemwe adazolowera kumva za 25 kapena 30 peresenti kubanki anena kuti 12.75 ndi mwayi wosowa. Komatu ku America mu 2011 banki yaikulu ya dzikolo idali itatsitsa chiwongoladzanja chake kufika pafupifupi pa ziro, ndipo makampani odalirika ankabwereka pa 4 kapena 5 peresenti. Kumeneko 12.75 adali katapila wovala tayi. Obwereketsa eni akewo, potchula nambala imeneyi, adali atanena kale kuti akuopa. Tikawerengera, ngongole ziwirizi zinkafuna pafupifupi madola 33 miliyoni chaka chilichonse, chiwongoladzanja chokha, malonda ayende kapena asayende.

Reliance idalipira ndalama zambiri kuposa izi ku Houston komweko. Continental Alloys idadya madola oposa 400 miliyoni. Koma malonda a Reliance mu 2011 adali 8.1 biliyoni, kutanthauza kuti idaika pachiswe ngati K5 pa K100 iliyonse ya malonda ake a pachaka. Malonda a Castle adali 1.1 biliyoni, choncho iyo idaika pafupifupi K15 pa K100, ndipo ndalama zake zidali zobwereka modula. Mtolo womwe wamkulu adauponya paphewa, mwana adausenza pamutu mpaka khosi kulowa mkati. Zizindikiro zidaoneka msanga: ngakhale mu 2012, mafuta akadali pamtengo wabwino ndipo malonda a Castle atakwera kufika pa 1.27 biliyoni, kampaniyi idatseka chaka italuza, zolipira za ngongole zitadya zomwe malonda adabweretsa.

Kenako mafuta adagwa. Zitsime zatsopano za ku America zidadzaza msika, ndipo mu Novembala 2014 maiko a m'bungwe la OPEC adakana kuchepetsa mafuta omwe ankapopa. Mgolo womwe unkagulidwa madola oposa 100 pakati pa 2014 udatsika kufika pansi pa 30 kumayambiriro kwa 2016. Makina okumbira zitsime za mafuta omwe ankagwira ntchito ku America adachoka pa 1,600 kufika pa 300 ndi pang'ono. Tangoganizani, pa makasitomala asanu aliwonse anayi asiya kubwera, ndipo wotsalayo akudziwa kuti aliyense ali ndi mapaipi ogona omwe akufunitsitsa kuwachotsa.

Castle idakakamizika kulemba m'mabuku ake kuti katundu ndi makampani omwe idagula alibenso mtengo womwe idalipira. Mu 2015 idaluza madola oposa 200 miliyoni. Chaka chomwecho idalemba mkulu watsopano, Steven Scheinkman, yemwe adayamba kubwezera mphamvu kwa mamanejala a nthambi, zomwe Reliance yakhala ikuchita kuyambira kalekale. Koma nthawi idali itatha. Mu 2016 kampaniyi idatseka malo a ku Houston ndi Edmonton n'kugulitsa katundu wa kumeneko, ndipo idagulitsanso Total Plastics pamtengo wa pafupifupi madola 55 miliyoni kuti ichepetse ngongole. Izi zimandikumbutsa mlimi wogulitsa ng'ombe zokoka ngolo kuti abweze ngongole ya fetereza: wangongole amachoka pakhomo tsiku limenelo, koma chomwe chinkabweretsa kangachepe tsiku ndi tsiku chapita. Malonda a 2016 adangokwana 533 miliyoni.

Mu Juni 2017 Castle idapita kukhoti pansi pa gawo la malamulo a ku America lotchedwa Chapter 11. Lamuloli silitseka kampani. Limailola kupitiriza malonda uku khoti likuyang'anira zokambirana za momwe ngongole zikonzedwere. Kumapeto kwa Ogasiti chaka chomwecho idatulukamo ikugulitsabe zitsulo, koma umwini wambiri utapita kwa omwe adaibwereketsa ndalama. Eni masheya akale adatsala ndi kagawo kochepa ka kampani yomwe idakhala zaka 127.

Sikuti mafuta okha ndiwo adaigwetsa. M'zaka zomwezo migodi ndi opanga makina olemera nawonso adachepetsa maoda, ndipo amenewa adali makasitomala a Castle. Apa ndiye pakuonekera kuipa kokhala ndi makomo ochepa omwe amatsekeka nthawi imodzi. Reliance nayo idaluza pa nthambi zake za mafuta, idatseka malo ena n'kutsitsa mtengo wa zina m'mabuku. Koma za mafuta zidali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a malonda ake. Omanga nyumba, opanga magalimoto, opanga ndege ndi opanga zipangizo za makompyuta ankagulabe. Malonda ake adatsika kuchoka pa 10.45 biliyoni mu 2014 kufika pa 8.61 biliyoni mu 2016, pomwe phindu lidangochoka pa 371 miliyoni kufika pa 304 miliyoni. Chilowereni pamsika wa masheya mu 1994, kampaniyi siidatsekepo chaka italuza.

Ndisachite kuiyamikira mopitirira ngati ndili ndi masheya momwemo. Phindu lake lalikulu kwambiri lidabwera ndi mwayi komanso dzanja la boma. Mu Malichi 2018 boma la Donald Trump lidaika msonkho wa 25 peresenti pa zitsulo zolowa m'dzikolo ndi 10 peresenti pa aluminiyamu, mitengo ya m'dzikolo n'kukwera. Kenako kudabwera Covid-19. Mafakitale adachepetsa ntchito, ndipo anthu atayambanso kugula, zitsulo zidasowa. Tani ya chitsulo chopyapyala chomwe amachikulunga ngati mkeka idachoka pansi pa madola 500 pakati pa 2020 kufika poposa 1,900 mu Seputembala 2021. Aliyense yemwe adali ndi katundu m'nyumba adalemera. Malonda a Reliance adachoka pa 8.8 biliyoni mu 2020 kufika pa 14.1 biliyoni mu 2021 ndi 17 biliyoni mu 2022, ndipo phindu lidakwera kuchoka pa 369 miliyoni kufika pa 1.84 biliyoni. Matani omwe idagulitsa mu 2022 adangoposa pang'ono chabe a 2021, chidakwera kwambiri ndi mtengo. Ndalama zimenezo zidachoka m'matumba a timakampani tating'onoting'ono tija timaoda zidutswa makumi awiri, ndipo pamapeto pake mwa anthu ogula mafiriji, magalimoto ndi nyumba. Ophunzira anga akamati wapakati amadya thukuta la ena, pa zaka ziwiri zimenezi sindingalimbe nawo mtsutso. Ndimadanso nkhawa ndi kampani imodzi yomwe imangomeza anzake chaka ndi chaka, ngakhale iwasiyire mayina awo, chifukwa wogula amaganiza kuti wafunsa mitengo m'sitolo zitatu pomwe mwini wake ndi mmodzi.

Mitengo itayamba kubwerera, nambala nazo zidatsika. Mu 2023 malonda adali 14.8 biliyoni ndi phindu la 1.34 biliyoni. Mu 2024 adali 13.8 biliyoni ndi phindu la 875 miliyoni, losafika theka la 2022. Panthawiyi kampaniyi idali m'manja mwa mayi, Karla Lewis, yemwe adalowa ntchito kumeneko mu 1992 ngati wowerengera ndalama n'kudzakhala mkulu wa kampani yonse mu Januwale 2023. Dzina limeneli ndimalitchula dala m'kalasi, poti atsikana ambiri amathawa masamu a Accounting n'kumati ndi za anyamata.

Mu 2024 momwemo kampaniyi idafupikitsa dzina lake kukhala Reliance, Inc., ndipo ngakhale phindu linkatsika idagulanso mabizinesi ena anayi. Imodzi mwa izo ndi American Alloy Steel, yogulitsa zitsulo zapadera zochindikala zopangira mathanki opirira mphamvu ya mpweya ndi mafuta. Likulu lake lili ku Houston.